Kuika ndi kufomata hard disk pa kompyuta zakale za XT ndi AT, musafulumire kunena kuti yafa

Anzanga amene mumakonda kutolera makompyuta akale aja, a nthawi ya IBM XT ya 1983 ndi AT ya 1984 komanso ma 286 ndi 386 oyambirira amene ankawatengera, ndikudziwa pomwe ambiri mumakakamira. Floppy imabuta bwinobwino, DOS imabwera, koma mukalemba C:, chilembo cha hard disk, imakuyankhani kuti Invalid drive specification, kapena isanafike nkomwe pamenepo sikirini yalemba kale nambala ya vuto 1701 ndiye mumangoti aaa diski iyi inafa kalekale. Zoona zina zinafadi, zaka 40 si masewera. Koma zambiri zomwe ndagwirapo ine vuto silinali diski, linali chingwe, jampa (kapulagi kakang'ono kolumikiza timapini pa bolodi), batire, kapena munthu kudumpha sitepe imodzi. Ma diski a nthawi imeneyo samangolumikiza nkuyamba kugwira ntchito ngati a lero, amafuna muwatenge mwa ndondomeko yake ndipo mukasokoneza ndondomekoyo mutha sabata mukulimbana ndi chinthu chabwinobwino.

Ndikamba kwambiri za Seagate ST-225 chifukwa ndi imene mungaipeze mosavuta mmakina amenewa, ya 20 MB, ma cylinder 615 (malo omwe ma head amaima akamayenda pa mbale za diski), ma head 4 (timitu towerenga ndi kulemba pa mbalezo), ma sector 17 (tizigawo) pa track iliyonse (mzere wozungulira pa mbale). Mukachulukitsa 615 ndi 4 ndi 17 ndi 512 (ma byte a mu sector imodzi) mupeza ma byte 21,411,840. Manambala atatu oyambawo alembeni papepala pompano, mudzawafuna kawiri kapena katatu kutsogoloku. Ngati yanu ndi ina, ST-412 ya mu XT yoyamba ija ndi 306, 4, 17 ndipo ndi 10 MB, pomwe ST-251 ndi 820, 6, 17 pafupifupi 40 MB.

Musanagwire chilichonse dzifunseni kaye ngati mukufuna zomwe zili mkatimo. Ma diski akalewa, a MFM ndi RLL (njira ziwiri zolembera data pa mbale), ali pabanja ndi khadi yake yowalamulira, ya controller, ndi khadiyo imene inalemba zizindikiro zonse pa mbale za diski, ndiye mukaichotsa nkuika pa khadi ya mtundu wina siwerenga kanthu olo diskiyo ili yamoyo. Anthu ambiri amataya mafayilo pamenepa, amaona sikuwerenga nkuthamangira kufomata. Ngati mwapeza diski ndi khadi zili limodzi musazilekanitse, ndipo ngati muli zinthu zofunika, chilichonse cholembedwa format musachiyandikire mpaka mutakopera.

Tiyambe ndi magetsi. Yang'anani kumbuyo kwa power supply ngati pali kaswichi ka 115 ndi 230. Makina ambiri oterewa anachokera ku America komwe magetsi ndi cha mma 110 mpaka 120, ena alibe nkomwe kaswichiko, ndiye mukangobaya pa soketi ya kwathu kuno ya 230 mumva phuu ndi kafungo basi nkhani yatha. Ikakhala ya 110 yokha pezani transformer. Kenako tengani mita muyeze pa pulagi ya mawaya anayi imene imapita ku diski, wachikasu akhale pafupi ndi 12, wofiira pafupi ndi 5. IBM PC yoyamba ya 1981 power supply yake inali ya ma watt 63.5 okha, yochepa kwambiri kuti idzutse hard disk yaikulu, XT ndi imene inabwera ndi 130. Komanso pa PC yoyambayo BIOS (pulogalamu ya pa mothabodi yodzutsa makina) iyenera kukhala ya deti la 10/27/82, zakale kuposa pamenepo sizifufuza nkomwe ROM (kachip kosunga pulogalamu) ya pa khadi ndiye diski siioneka olo mutapemphera bwanji.

Mukayatsa, tcherani khutu. Diski yamoyo imayamba kulira pang'onopang'ono nkumakwera mpaka ifike liwiro lake lozungulira ka 3600 pa mphindi, kenako mumva kagogodo ma head akubwerera pa track 0. Ikakhala chete koma magetsi akufika, nthawi zambiri ma head amakhala amata pa mbale chifukwa chokhalitsa. Thimitsani, ichotseni, igwireni mmanja chogona ndipo muipotoze ndi dzanja mwamsanga ngati mukutsegula chivindikiro cha botolo chothina, kawiri katatu, kenako yesaninso. Osaimenya pa tebulo chonde. Ikadzuka mwanjira imeneyi musaikhulupirirenso kwambiri, koperani zanu tsiku lomwelo. Koma ngati fani ya power supply ikungogwedezeka pang'ono nkuima, chotsani pulagi ya diski muone ngati makina ayaka, chifukwa timacapacitor ta tantalum ta pa bolodi la diski kapena pa khadi timakonda kuchita short tikakalamba ndipo timagwetsa magetsi onse.

Tsopano zingwe, apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe pamagona mavuto ochuluka. Diski ya mtundu uwu imafuna zingwe zafulati ziwiri, chachikulu cha mawaya 34 chomwe chimanyamula malamulo ndi chaching'ono cha mawaya 20 chonyamula data. Chilichonse chili ndi mzere wofiira kapena wabuluu mbali imodzi, umenewo ndi pin 1. Pa diski, yang'anani kampata kodulidwa pa mano a bolodi, mzere wofiira upite mbali imene kampatako kayandikira. Pa khadi fufuzani pomwe palembedwa 1 kapena 2. Khadi ili ndi malo awiri a chingwe cha 20, ena a diski yoyamba ena a yachiwiri, ndipo manambala ake amasiyana malinga ndi khadi ndiye musangoloweza za khadi ina. Mukabaya polakwika diski imazungulira, ma head amayenda, kalaiti kamayaka, zonse zikuoneka zili bho koma siwerenga olo sector imodzi, mpaka kufika pokaika nzeru zanu zomwe.

Kenako gwirani chingwe cha 34 chija muchione bwino ngati chili chopotoka pakati. Pali zingwe ziwiri zofanana kwambiri, cha floppy ndi cha hard disk, zonse za mawaya 34 ndipo zonse zimatha kukhala ndi kopotoka. Cha floppy chimapotoka pa mawaya 10 mpaka 16, kufupi ndi mzere wofiira, pomwe cha hard disk chimapotoka pa 25 mpaka 29, kutali ndi mzere wofiira. Ine ndinatayapo masiku awiri athunthu ndi chingwe cha floppy chimene ndinangotola mu katoni, ndinasintha khadi, ndinasintha diski, mpaka ndinayamba kuganiza kuti mothabodi ndi imene yadwala. Chingwechi ndi chimene chimakuuzani koika jampa ya drive select. Ngati ndi chowongoka, diski yoyamba jampa ikhale pa malo oyamba, yachiwiri pa malo achiwiri. Ngati ndi chopotoka, ma diski onse awiri jampa pa malo achiwiri, ndipo ya kumapeto kwa chingwe kuseri kwa kopotokako ndi imene imakhala C. Chenjerani poti makampani ena amayamba kuwerenga ndi DS0 ena ndi DS1, ndiye werengani malo osati nambala. Pali kanthu kenanso, terminator, ka resistor kakatali kokhala ndi timiyendo tambiri kobayidwa pa bolodi la diski. Kakhale pa diski ya kumapeto kwa chingwe yokha. Diski ikakhala imodzi kasiyeni, zikakhala ziwiri chotsani pa yapakati.

Mano a khadi apukuteni ndi labala ya pensulo mpaka awale, ichi chokha chadzutsa makhadi ambiri.

Zingwe zikakhala bwino, kompyuta iyenera kudziwa kuti diski yake ndi yotani, ndipo apa XT ndi AT zimasiyana njira. XT ilibe CMOS (kamemory kodalira batire kosunga makonzedwe a makina), ilibe setup, zonse zili pa khadi, khadi ngati WD1002A-WX1 ya Western Digital ili ndi ROM yakeyake imene imakhala pa adiresi C800 ndipo imagwiritsa IRQ 5 ndi DMA 3, tinjira tomwe khadi imalumikizirana ndi kompyuta. Kukula kwa diski mumasankha ndi majampa a pa khadi kapena mumalemba nthawi yofomata. Ngati muli ndi khadi ina imene ikufunanso IRQ 5, monga ya sound kapena ya network, ichotseni kaye. Ineyo ndimachotsa zonse nkusiya ya sikirini, ya floppy ndi ya hard disk basi mpaka zitayenda.

AT ndi ma 286 kupita mtsogolo zimasunga nambala ya drive type mu CMOS. Type 1 ndi 306 ndi ma head 4, type 2 ndi 615 ndi ma head 4 yomwe ndi ST-225 yathu ija ndendende. IBM AT yeniyeni simungalowe setup ndi batani la pa kiyibodi, imafuna floppy ya Diagnostics, pomwe za BIOS ya AMI mumadina Del ndipo zambiri zili ndi type 47 pomwe mumalemba nokha manambala. Ngati diski yanu mulibe mu tebulo ndipo type 47 palibe, sankhani type ya ma head ofanana koma ma cylinder ochepa, mwachitsanzo ST-251 itha kuyenda ngati type 3 ya 615 ndi ma head 6, mutaya 10 MB koma igwira ntchito. Musayerekeze kusankha ya ma cylinder ochuluka kuposa a diski, ma head akafika kumapeto azikangogunda khoma kho kho kho ndipo mutha kuipha. Mukaona 161, 162 kapena 163 poyatsa ndiye kuti batire yatha ndipo CMOS yaiwala zonse kuphatikizapo drive type, diski ilibe mlandu. Sinthani batire, bwezerani type yomwe inalipo, mafayilo onse muwapeza. Ndipo batire zija zooneka ngati kambiya zowotcherera pa mothabodi za 386, zikayamba kutuluka zobiriwira zidulenipo lero lomwe zisanadye tinjira ta pa bolodi.

Manambala a pa sikirini amathandiza mukawadziwa. 1701 pa XT ndi yosalongosola, imangoti china chake pa hard disk sichikuyankha, itha kukhala magetsi, chingwe, jampa, khadi kapena diski. Pa AT 1780 ndiye kuti diski yoyamba siikupezeka, 1782 akuloza khadi, pomwe 1790 musaiope, nthawi zambiri ikutanthauza kuti diski ikuoneka koma sikuwerengeka, zomwe nzoyembekezeka pa diski imene sinafomatidwe ndi khadi imeneyo. Dinani F1 mupitirize ndi floppy.

Tafika pa kufomata tsopano. Mawu oti format amasokoneza chifukwa ntchito zake zilipo zitatu zosiyana ndipo ziyenera kutsatana. Ganizirani za munda, low-level format ndi kuunga mizere, FDISK ndi kudula malire kuti apa mpakuti apa mpakuti, FORMAT ya DOS ndi kutsegula kaundula wolemba kuti mzere uti muli chani. Simungadule malire pa tchire losalima, nchifukwa chake FDISK imakana pa diski yopanda low-level format.

Musanayambe low-level format chitani zinthu zitatu. Koperani papepala mndandanda wa ma bad track umene uli pa sitika pamwamba pa diski, pamalembedwa cylinder ndi head, ndi malo amene ku fakitale anawapeza ofooka. Mangani diski mmene izikhalira masiku onse, ngati izikhala chogona ifomateni chogona, ngati chammbali chammbali, ndipo masikuluwu osamangitsa kwambiri. Kenako isiyeni iyake theka la ola kapena kupitirira kuti itenthe. Zikumveka ngati zikhulupiriro eti, koma ma diski a stepper motor ngati ST-225 alibe njira yodzikonzera pomwe head yaima, amangowerenga masitepe, ndiye chitsulo chikafutukuka ndi kutentha head imasuntha pang'ono kuchoka pa mzere. Mukafomata ili yozizira, masana a mwezi wa Okutobala izivuta kuwerenga.

Pa XT butani ndi floppy ya DOS yokhala ndi DEBUG, FDISK ndi FORMAT. Lembani DEBUG, pabwera kamzere, lembani D C800:0 kuti muone ngati ROM ilipo. Manambala awiri oyamba akhale 55 AA ndipo kumanja mumatha kuona dzina la kampani. Mukaona FF yekhayekha ndiye kuti ROM palibe pamenepo, mwina jampa yaisamutsira ku adiresi ina monga CA00, mwina khadi siinakhale bwino. Ikakhalapo lembani G=C800:5, imeneyi ndi ya makhadi ambiri a Western Digital ndi a Seagate. A Adaptec amafuna G=C800:CCC, a OMTI G=C800:6. Khadi ya Xebec imene IBM inkaika mu XT ilibe pulogalamu yofomatira mu ROM, imafuna floppy ya Advanced Diagnostics kapena pulogalamu ngati SpeedStor, ndiye mukalemba G pamenepo makina angouma. Pa makhadi a Western Digital atsopanoko ikufunsani ngati mukufuna dynamic configuration, yankhani Y mulembe 615 ndi 4 ndipo write precompensation ya ST-225 ndi 300. Ikafunsa zogawa diski pawiri yankhani N, zimenezo ndi za FDISK. Pa AT khadi ngati WD1003 ilibe ROM, ndiye DEBUG siikuthandizani, gwiritsani Hard Disk Utility ya mu setup ya AMI ngati ilipo, apo ayi Disk Manager ya Ontrack kapena SpeedStor yomweyo.

Ikufunsaninso interleave, ndipo apa anthu amangodina Enter osadziwa kuti akusankha liwiro la makina awo kwa zaka zikubwerazi. Diski imazungulira ka 60 pa sekondi. Kompyuta ikawerenga sector 1 imafuna kanthawi kuti imeze, ndiye sector 2 ikakhala pafupi pomwepo imakhala yadutsa kale, zili ngati minibasi yakudutsani pa siteji muyenera kudikira ipite ikazungulire ibwerenso. Nchifukwa chake ma sector amawamwaza, interleave ya 3 ndiye kuti wotsatira ali malo atatu kutsogolo. IBM inkaika 6 pa XT ndi 3 pa AT. Mukaika nambala yaikulu kuposa yofunika mumataya liwiro pang'ono chabe, koma mukaika yaing'ono kwambiri ndiye tsoka, diski izizungulira kamodzi pa sector iliyonse, ka 17 pa track imodzi, yomwe ndi pafupifupi 30 KB pa sekondi pomwe interleave ya 6 imapereka cha mma 85 KB. Pa XT ya 4.77 MHz ine sinditsika pansi pa 4, ndipo ndikakaika ndimaika 5. Pulogalamu ya SpinRite ya Steve Gibson imatha kuyeza yokha nambala yabwino nkuisintha osafufuta mafayilo, mukaipeza igwiritseni.

Lowetsani ma bad track onse a pa sitika aja ikakufunsani, olo pulogalamu ina itakuuzani kuti malowo ali bwino. Malo ofooka amalola kulemba lero nkuiwala mwezi wamawa. Kenako isiyeni igwire ntchito, muzimva tik tik tik ikuyenda cylinder imodzi imodzi kwa mphindi zingapo. Magetsi akathima pakati musadandaule, palibe chaonongeka, mungoyambiranso pachiyambi.

Za RLL ndinene pang'ono. Khadi ya RLL imaika ma sector 26 pa track mmalo mwa 17, ndiye ST-225 yomweyo imaoneka ngati 30 MB, ndipo anthu ankachita zimenezi kuti apeze malo aulere. Seagate inkagulitsa ST-238R ya ntchito imeneyi, manambala a cylinder ndi head ndi omwewo koma inayesedwa kuti ipirire RLL. Pa diski ya MFM ya zaka 40 ine sindingayese, imafomatika bwino kenako pakapita masabata Sector not found ayamba kubwera mmodzimmodzi. Ndipo ngati diski yanu ili ndi chingwe chimodzi cha mawaya 40, imeneyo ndi IDE, low-level format isiyeni, inachitikira ku fakitale ndipo pa zina zoyambirira mutha kufufuta zinthu zomwe simungazibwezere. Ya IDE mungoika jampa ya master kapena slave, manambala mu CMOS, nkupita ku FDISK.

FDISK ndi yachidule. Butaninso ndi floppy, lembani FDISK, sankhani 1 kupanga primary DOS partition, vomerani kuti itenge malo onse ndipo ikhale active. DOS 3.3 siidutsa 32 MB pa partition imodzi, ndiye ST-251 muigawa C ya 32 MB ndipo yotsalayo ikhale extended partition yokhala ndi D. Malire amenewa anachoka ndi Compaq DOS 3.31 ndi DOS 4.0 ya 1988. Mukagawa nokha chonchi musaiwale kubwerera ku menyu nkusankha 2 kuti C ikhale active, mukaiwala IBM yeniyeni ikuponyerani mu BASIC pomwe makina ena alemba NO ROM BASIC nkuima, ndipo anthu amaganiza kuti ROM yapsa chonsecho ndi kasitepe kamodzi aka. FDISK ikanena kuti No fixed disks present bwererani ku zingwe ndi CMOS, ikanena Error reading fixed disk ndiye kuti low-level format siinagwire, kawirikawiri ndi chingwe cha 20 chija.

Makina ayenera kuyambiranso mukatuluka mu FDISK, kenako lembani FORMAT C: /S. Ka /S ndi kamene kamaika mafayilo obisika a system ndi COMMAND.COM kuti diski izibuta yokha, mukakaiwala mudzaona Non-System disk ndipo SYS C: ndi kukopera COMMAND.COM kumakonza. FDISK, FORMAT ndi DOS yobutira zikhale za version imodzi, mukasakaniza ikuuzani Incorrect DOS version. Ikamaliza ikuonetsani ma byte a mu bad sectors, akakhala ochepa ogwirizana ndi mndandanda wa pa sitika zili bwino. Akakhala ochuluka modabwitsa, monga kotala ya diski yonse, ganizirani head imodzi yakufa kapena nambala ya ma head yolakwika. Uthenga woopsa ndi Track 0 bad - disk unusable, koma olo pamenepo yesani kaye chingwe china ndi low-level format kachiwiri diski itatentha bwino, ikabwerezanso ndiye mutha kuisandutsa chotsekera chitseko, kapena kugula khadi ya XT-IDE nkuikamo memory card ya CompactFlash mmalo mwa diski ngati mmene ambiri akuchitira masiku ano, ngakhale kaphokoso kaja mudzakasowa.

Chotsani floppy, dinani Ctrl Alt Del, mudikire C:\> kapena C> ibwere. Koperani DOS yonse mu directory yake, thamangitsani CHKDSK, thimitsani, dikirani mpaka mawa mmawa makina atazizira muyatsenso, chifukwa diski imene yabuta yotentha ndi yozizira yomwe ndi imene mungayambe kuikamo zinthu. Ikamavuta mmawa wokha nkumachira pakapita mphindi 20, ndi mizere ija yasemphana ndi ma head, koperani zonse mubwereze low-level format. Ndipo ST-225 siimika yokha ma head pamalo otetezeka magetsi akathima, amangotera pomwe anali, pamwamba pa mafayilo anu. Ikani PARK.COM mu C, ya IBM imatchedwa SHIPDISK, muziithamangitsa musanathimitse makamaka tsiku lomwe mukufuna kunyamula makinawo, ikanena kuti ma head aimikidwa thimitsani pompo osadinanso batani lina lililonse.